Lachiwiri, M'chipinda Chapansi ku Toledo

Anatisonkhanitsa m'chipinda chapansi cha khonsolo,
kunja chipale chofewa chikuwaza mawindo,
khofi akuzirala m'makapu a pepala.
Apolisi anakhala kutsogolo, zipewa pamawondo,
akuluakulu a sukulu pakati, zolembera m'manja.
Ife a kundende kumbuyo, pafupi ndi khomo.
Tinazolowera kukhala pomwe pali chitseko.

Loya anali mayi wamfupi, Delphine Wozniak,
nsapato zonyowa, mawu osakweza.
Analemba pabolodi: 1983.
"Ichi si chaka," anatero.
"Ndi khomo limene wopanda mphamvu amalowera
akafuna kusumira inuyo,
dzina limene anakupatsani mayi anu,
osati yunifolomu yokha."

Sajeni Brandvold anaseka chapakhosi:
"Ndiye mbava tiziigwira ngati dzira?"
"Igwireni," anayankha. "Koma ikagona pansi,
manja ali kumsana,
bondo lanu lichokepo.
Lamulo limawerenga masekondi
ngakhale inu mutasiya kuwerenga."

Kwa a sukulu anasimba za mwana
amene anadandaula katatu kuti anzake akumuzunza,
makalata atatu onse n'kugona m'dirowa
pansi pa ndandanda ya mabasi.
Mayi Ostrander anavula magalasi,
nawapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera.

Kenako anatembenukira kwa ife.
Anati mlandu wathu kawirikawiri si chibakera ayi.
Ndi kuona, kudziwa,
kenako n'kuyang'ana kumbali.

Pamenepo khofi anandiwawa m'kamwa.

Selo nambala foteni, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Ezekiel Tarpley, womangidwa chifukwa cha chindapusa cha galimoto,
anagogoda ndi chikhatho, osati chibakera:
"Bwana, shuga wanga. Bwana."
Ine miyendo inali italema, maola khumi ndi anayi ndili chiimire,
ndipo usiku wa kundende aliyense amadwala.
Ndinati, "Kukacha."
M'buku ndinalemba: 2 koloko, zonse zili bwino.
3 koloko, zonse zili bwino.
Kugogoda kutaleka ndinayamika bata.

Anam'peza a m'mawa, thovu kukamwa, thukuta lozizira.
Ambulansi inam'tenga. Sanafe.
Ndinakumana naye chaka chatha pogulitsira mafuta,
akupopa matayala, nandipatsa moni.
Mwina sanandizindikire.
Mwina anandizindikira.

Mayi Wozniak ankaonetsa manambala pakhoma,
madola amene maboma alipira,
ziro atandandalikana ngati maloko a m'khonde mwathu.
Anzanga ankaimba mluzu motsitsa.
Wina ananong'ona za penshoni yake,
wina za nyumba imene sanamalize kulipira.

Ndinakweza dzanja, ine amene sindifunsa pamisonkhano.
"Nanga ngati munthuyo sanasumire?"
"Ndiye kuti khoti silidzakufunsani," anatero.
Anandiyang'ana pang'ono, choko chili m'mwamba.
"Funso lanu linali limenelo?"
Ndinagwedeza mutu. Sindikudziwa kuti ndinavomera kapena kukana.

Nthawi ya 4 koloko tinasaina pepala
losonyeza kuti taphunzira.
Anatipatsa satifiketi, dzina langa atalilakwitsa:
Halvorsen analemba Halverson.
Sindinawauze. Ndinaipinda kanayi,
n'kuiika m'thumba momwe mumakhala makiyi.

Usiku womwewo ndinali pantchito.
Khonde lomwelo, getsi lomwe lija lophethira,
fungo la mankhwala okolopera.
Itadutsa 2 koloko wina anagogoda kumapeto,
mnyamata watsopano, woledzera, wolira.
Mwina bodza. Ambiri amakhala mabodza.
Buku linali lotsegula patebulo,
cholembera chikudziwa kale mawu atatu aja.

Ndinachisiya.
Makiyi analira m'chiuno pamene ndinkaimirira,
ndipo khondelo, limene ndaliyenda zaka makumi awiri,
linanditalikira ngati ndaliyamba lero.
Ndinatsegula kazenera kachitsulo.
"Ndabwera," ndinatero. "Nena."